Kulandira chionetsero choyendayenda cha miyuziyamu pa malo aang'ono akumudzi, kuyambira popempha mpaka pobweza mabokosi

Pali mamiyuziyamu akuluakulu amene sangokhala phee kudikira kuti anthu abwere, amalongedza chionetsero m'mabokosi n'kuchitumiza kuti chiziyenda, masabata angapo apa, masabata angapo apo. Chitsanzo chodziwika ndi Smithsonian ya ku Washington, ku America, imene inayamba kuyendetsa zionetsero mu 1952, ndipo mu 1994 anayambitsa pulogalamu ya Museum on Main Street yopita makamaka m'matauni ang'onoang'ono akumidzi, komwe chionetsero chimakhala pafupifupi masabata 6 pamalo amodzi kenako n'kupita kwina. Mamiyuziyamu ena ambiri m'maiko osiyanasiyana amachitanso zofanana. Ndipo olandira sakhala akuluakulu ayi, ndi kalaibulale, holo ya dera, sukulu, kapena kamiyuziyamu koyendetsedwa ndi anthu awiri atatu ongodzipereka. Ngati muli pamalo ngati amenewa ndipo mwamva zoti mwayi woterewu ulipo, malangizowa ndi anu.

Ndineneretu zomwe ine ndimakhulupirira pankhaniyi. Mabokosi aja ndi theka chabe la ntchito. Chionetsero chobwera chimakamba mutu waukulu monga madzi, ntchito, maulendo kapena masewera, ndipo chimakhala chokongola ndithu, koma anthu a kwanu adzabwera kachiwiri ndi kachitatu pokhapokha akapezamo nkhope zomwe akuzidziwa ndi nkhani zawo zomwe. Paja amati mlendo ndi mame sachedwa kukamuka, nde muziganiza kuyambira tsiku loyamba kuti lole ikadzanyamuka mudzatsala ndi chiyani.

Musanapemphe, tengani tepi muyeze

Ambiri amayamba ndi kulemba kalata yokoma yopempha, ine ndimati yambani ndi tepi yoyezera. Eni chionetsero amakhala atalemba kale kuti chimafuna malo aakulu bwanji, denga lotalika bwanji, masoketi angati, mabokosi ndi angati komanso lililonse limalemera bwanji. Pemphani pepala limenelo muliwerenge muli chiimire m'chipinda momwemo. Yezani mulitali, mulifupi, kuchoka pansi kufika kudenga, osangoyeza pakati pomwe pali bwino, yezaninso pomwe pali mtanda wotsika, fani kapena babu lolendewera. Kenako zitseko, ndipo apa mpomwe zinthu zimavuta kwambiri, chipinda chimatha kukhala chachikulu bwinobwino koma bokosi n'kukanika pakhomo chifukwa cha masentimita 5 okha, kapena pali masitepe atatu ndipo bokosilo olo lili ndi matayala likulemera kuposa anthu awiri akuluakulu. Yendani njira yonse kuchokera pomwe lole idzaime mpaka m'chipindamo, muone pokhota, ngalande, pamchenga, ndipo mudzifunse ngati galimoto yaikulu imafika kwanuko nthawi ya mvula. Ngati siifika, pemphani miyezi youma basi, musayese dala.

Musaiwale kuti mabokosi mukawatsitsa katundu sabwerera, amakhala nanu nthawi yonseyo ndipo amafuna chipinda chawochawo chouma komanso chokhoma. Si a pakhonde, si a pansi pa mtengo.

Funso lina lofunsa msangamsanga ndi lakuti kodi m'mabokosimo muli zinthu zenizeni zakale kapena ndi mabolodi osindikiza, zithunzi zokopera ndi masikilini basi? Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Zionetsero zambiri zopita kumidzi amazipanga dala kuti zikhale zolimba, zoima zokha, zosafuna makina oziziritsira, pomwe za zinthu zenizeni zimabwera ndi malamulo okhwima. Nthawi zambiri akutumizirani fomu yofunsa za nyumba yanu, za denga, mawindo, maloko, mlonda, chozimitsira moto, magetsi. Yankhani zoona zokhazokha. Ngati denga limadontha pakona ina lembani choncho, ngati magetsi amazimazima lembani, chifukwa eni akewo akadziwa amatha kukupatsani chionetsero chogwirizana ndi malo anu, koma mukabisa n'kudzaonongeka chinthu mlandu wonse ndi wanu ndipo mwayi wachiwiri sumabwera.

Mgwirizano ukhale wolemba

Zonse zomwe mwagwirizana pafoni zilowe m'pepala losainidwa. Muone bwinobwino kuti ndani akulipira lole yobweretsa ndi yobweza, ndani akulipira inshulansi ndipo inshulansiyo ikuyamba liti n'kutha liti, chifukwa pali ina imateteza katundu ali m'nyumba mokha osati ali pamsewu kapena pomwe akutsitsidwa, pomwe nthawi yotsitsayo ndiye yoopsa kwambiri. Muonenso ngati atumiza munthu wawo wodzathandiza kuimika kapena mudzangopatsidwa buku la malangizo, ngati alendo akuloledwa kujambula, ngati mukuloledwa kulipiritsa pakhomo, zizindikiro ziti zomwe ziyenera kuoneka pamapositala, komanso chinthu chikaonongeka muwadziwitse pasanathe maola angati. Masiku anayi alembedwe momveka, lofika, lotsegulira, lotsekera ndi lonyamuka. Pakati pa kufika ndi kutsegulira pakhale masiku okwanira, musalole zoti lole ifike Lachisanu madzulo alendo olemekezeka mwawaitanira Loweruka m'mawa.

Wosaina akhale munthu yemwe ali ndi mphamvu yeniyeni yoimira malo anuwo, osati aliyense amene wapezeka pafupi ndi cholembera.

Anthu, kalendala ndi ndalama

Pangani kakomiti kakang'ono, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi akwana, koma pakhale munthu mmodzi yekha wolankhula ndi eni chionetsero kuti uthenga usamabwere pawiri pawiri. Wina aone za nyumba ndi chitetezo, wina za sukulu, wina zolengeza, wina ndalama, wina gawo la zinthu za kwanuko lomwe ndilifotokoze pansipa. Kalendala yake muilembe chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lotsegulira, ndipo ngati n'kotheka yambani kudakali miyezi 9 kapena chaka chathunthu. Posankha nthawi pewani masabata omwe anthu amakhala otanganidwa kuminda ndi nthawi ya mayeso, komanso pewani holide yonse chifukwa ana asukulu obwera m'magulu ndiwo amadzaza chipinda pakati pa sabata. Ngati masiku anu akugwera pa 18 May ndi bwino kwambiri, limeneli ndi tsiku lokumbukira mamiyuziyamu padziko lonse lomwe ICOM, bungwe loona za mamiyuziyamu m'maiko osiyanasiyana, linakhazikitsa mu 1977, ndipo atolankhani savuta kuwakopa pa tsikuli.

Pa ndalama, olo akuuzeni kuti chionetserocho ndi chaulere, ndalama zidzatuluka ndithu. Penti, mababu, makatani, maloko atsopano, kusindikiza, mayendedwe a ana asukulu, malipiro a mlonda, mafuta a jenereta kapena batire la sola. Lembani zonse, muonjezerepo gawo limodzi mwa magawo 10 la zadzidzidzi. Ndipo pofuna thandizo musamangopempha ndalama, ena sangakupatseni ndalama koma atha kukubwerekani galimoto tsiku limodzi, kalipentala, mipando, kapena nthawi yolengeza pawailesi.

Gawo lanu, la anthu a kwanuko

Apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe pagona nkhani yonse. Mutu wa chionetsero mukaudziwa, dzifunseni kuti mutu umenewu kwathu kuno umaoneka bwanji. Ngati chikukamba za ntchito, ndi ntchito ziti zomwe anthu ankagwira zaka 50 zapitazo zomwe pano zinatha, ndani akadali moyo yemwe anazigwirapo, zipangizo zake zili kwa ndani? Ngati ndi za madzi, chitsime choyamba anakumba ndani, mlatho unamangidwa liti, madzi osefukira omwe aliyense amawakumbukira anali a chaka chanji? Mukatero lengezani kuti mukufuna kubwereka zithunzi, makalata, zipangizo, zovala, masatifiketi akale. Koma kulengeza kokha sikukwana, anthu ambiri amaganiza kuti zinthu zawo ndi zachabechabe zosayenera miyuziyamu, nde muyenera kupita nokha m'makomo, kukhala pansi, kucheza, pang'ono ndi pang'ono munthu amalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kasutikesi komwe sikanatsegulidwe kwa zaka.

Chilichonse chomwe mwabwereka chikhale ndi fomu yake, makope awiri, ina yanu ina ya mwini wake. Palembedwe dzina la mwini, chinthucho ndi chiyani, chili bwanji panopa monga ngati chili ndi mng'alu kapena chong'ambika, tsiku lomwe mwatenga ndi tsiku lomwe mudzabweze, komanso ngati akulola kuti dzina lawo lionekere pagulu. Chipatseni nambala, muchijambule pomwepo mwini wake akuona. Nambalayo ilembedwe pa kapepala komangirira ndi ulusi, osati pa chinthucho. Zinthu za eni ake zimenezi muzisamale chimodzimodzi ndi zochokera ku miyuziyamu yaikulu ija, ndipo ine ndimati muzisamale koposa, chifukwa bolodi losindikiza atha kusindikizanso lina koma chithunzi chimodzi chokha cha agogo a munthu chikatayika chapita basi.

Pali zolakwika zitatu zomwe anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimaononga. Kumata chithunzi kapena kalata yakale ndi selotepi, guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lachikasu losachoka. Kupanga lamineti pepala lenileni, kutentha ndi pulasitiki ija sizibwereranso m'mbuyo. Ndi kulemba kumbuyo kwa chithunzi ndi bolopeni, inki imadutsa. Njira yabwino ndi kusikana kapena kujambula bwino ndi foni pamalo owala koma opanda dzuwa lachindunji, n'kusindikiza kope yoti ikhale pakhoma, chenichenicho mubweze kwa mwini tsiku lomwelo. Mukatero mwachepetsa nkhawa, komanso mwatsala ndi kope yoti malo anu azisunga.

Jambulaninso mawu. Foni wamba ikwana, bola mukhale pamalo opanda phokoso ndipo muiike pafupi ndi wolankhulayo. Yambani ndi kupempha chilolezo, mufotokoze kuti mawuwo adzamveka kuti ndipo adzasungidwa kuti, chilolezocho chilembedwe kapena chimveke koyambirira kwa zojambulazo pamodzi ndi dzina ndi tsiku. Funsani mafunso otseguka, oti munthu afotokoze osati kungoti inde kapena ayi, ndipo akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, nthawi zambiri nkhani yeniyeni imabwera akapuma kaye. Achinyamata apatseni ntchito imeneyi, amadziwa mafoni komanso amamva zinthu zomwe sanazimvepo kwa akuluakulu awo omwe.

Musamale ndi zinthu ziwiri. Pali zinthu zina zomwe eni ake amaziona kuti ndi zopatulika kapena zachinsinsi zosayenera kuonedwa ndi aliyense, munthu mmodzi akakubweretserani musangoziika, funsani kaye kwa omwe zikuwakhudza. Komanso mbiri ya dera siikhala imodzi, mabanja awiri atha kufotokoza chinthu chomwecho mosiyana, nde m'malo mosankha mbali lembani kuti awa akuti chakuti, awa akuti chakuti, ndipo yesetsani kuti asamangomveka a mabanja otchuka okha. Amayi, anthu obwera, anthu osauka, nawonso ali ndi mbali yawo.

Timapepala tofotokozera tikhale tatifupi, mawu osapitirira 50 pa chinthu chimodzi, zilembo zikuluzikulu zakuda papepala loyera, m'chiyankhulo chomwe anthu amalankhula kunyumba. Ngati chionetsero chobweracho chili m'chiyankhulo china pemphani chilolezo chomasulira, koma zomasulirazo musamate pamabolodi awo, ziikeni pambali kapena papepala logwira m'manja.

Kukonza chipinda

Adani a zinthu zakale ndi kuwala, chinyezi, tizilombo, moto ndi manja a anthu. Kuwala amakuyeza ndi muyezo wotchedwa lux. Mapepala, nsalu, zithunzi zopenta ndi utoto wamadzi komanso nthenga zimafuna pafupifupi 50 lux, zopenta ndi utoto wamafuta zimapirira mpaka cha m'ma 200, pomwe miyala, zitsulo ndi zoumba sizidandaula kwenikweni. Kuti muone kusiyana kwake, dzuwa la masana panja limafika mpaka 100,000 lux, nde kachigawo kochepa chabe kolowa pawindo n'kugwera pansalu tsiku lililonse kwa masabata 6 kakwanira kuisulutsa, ndipo chosuluka sichibwereranso. Tsekani mawindo ndi makatani ochindikala, gwiritsani ntchito mababu a LED chifukwa satentha kwambiri, muzizimitsa magetsi mukatseka. Mafoni ambiri atha kuika kapulogalamu koyezera kuwala, sikolondola ngati makina enieni koma kakuuzani pomwe pawala mopitirira.

Chinyezi cha mumpweya chomwe mamiyuziyamu ambiri amafuna ndi pakati pa 40 ndi 60 peresenti, kutentha pakati pa madigiri 16 ndi 25. Chinyezi chikakhala pamwamba pa 65 kapena 70 kwa masiku angapo zinthu zimayamba kuchita chuku ndipo zitsulo zimachita dzimbiri. Koma choopsa kwambiri ndi kusinthasintha mwadzidzidzi, matabwa ndi zikopa zimafufuma kukakhala chinyezi n'kukhwinyata kukauma, mapeto ake ming'alu. Kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi ndi kakang'ono kogwiritsa batire, kapezeni, mukaike m'chipindamo kudakali mwezi umodzi ndipo muzilemba m'kope m'mawa ndi madzulo. Ngati mulibe makina oziziritsira musataye mtima, sankhani chipinda chamkati chokhala ndi siling'i, zinthu zitalikirane ndi khoma lakunja lomwe limawombedwa ndi dzuwa kapena mvula, ndipo chilichonse chikhale pamwamba pang'ono osati pansi penipeni. Ngati mukupenta malizani kudakali masabata awiri kapena kuposa kuti fungo lithe, mpweya wa penti yaiwisi umaononga zitsulo ndi zithunzi.

Tizilombo nato, chiswe, njenjete, mphemvu, makoswe, mileme kudenga. Sesani bwino, tsekani mabowo, ndipo lamulo likhale loti m'chipindamo simulowa chakudya, chakumwa kapena maluwa, olo pa tsiku lotsegulira. Mankhwala ophera tizilombo musapopere pa zinthu zoonetsedwa kapena m'mabokosi. Chinthu chamtengo chomwe mwabwereka kwa anthu chikakhala ndi timabowo totuluka ufa, ndiye kuti muli tizilombo tamoyo, chimenecho chisalowe m'chipinda chimodzi ndi zinazo.

Za moto ndi chitetezo ndi zachidule. Waluso wa zamagetsi aone mawaya, musalumikize zinthu zambirimbiri pa soketi imodzi, mawaya apansi aphimbidwe kuti anthu asapunthwe, chozimitsira moto chikhale chosatha ntchito ndipo anthu anu adziwe kuchigwiritsa, makomo otulukira asatsekedwe ndi mabolodi. Makandulo ndi nyali zamafuta ayi, magetsi akazima gwiritsani matochi. Jenereta ikhale panja patali chifukwa utsi wake umapha. Makiyi akhale ndi anthu awiri odziwika ndipo pakhale kope yosaina akatsegula ndi kutseka.

Tsiku lomwe lole yafika

Konzekerani anthu amphamvu okwanira, koma wolamula akhale mmodzi, ena onse azimvera iyeyo. Musanasaine pepala la dalaivala werengani mabokosi, muyerekeze manambala ake ndi omwe ali pamndandanda, muzungulire lililonse kuona ngati laphwanyika, lanyowa kapena latsegulidwa. Mukaona vuto jambulani pomwepo ndipo mulembe papepala lomwelo la dalaivala musanasaine. Mivi yosonyeza kumwamba pabokosi ilemekezedwe, bokosi siligonekedwa cham'mbali chifukwa choti pakhomo pavuta.

Mabokosi akalowa, ngati muli zinthu zenizeni zakale, asiyeni osatsegula kwa maola 24 kuti zamkatizo zizolowere pang'onopang'ono mpweya wa m'chipindamo. Ndikudziwa kuti mtima umakhala uli dyokodyoko kufuna kuona, koma dikirani ndithu.

Potsegula, tsegulani bokosi limodzi nthawi imodzi, ndipo musanachotse kanthu jambulani mmene zinthu zalongedzedwera, gawo ndi gawo. Zithunzi zimenezi mudzazifuna kwambiri tsiku lolongedza pomwe aliyense waiwala kuti siponji iyi inali pati. Chilichonse chomwe mwatulutsa muchiyerekeze ndi lipoti la mmene chinalili pochoka komwe chachokera, kenako mulembe lanu, kukalika kulikonse, kona yophwanyika, sikuluwu yosowa, babu losayaka. Lembani ndi pensulo, bolopeni isayandikire. Lipoti limeneli ndi lomwe lidzakutetezeni kuti musalipire zomwe anaononga ena, nde musalichite mothamanga, ndipo mulitumize kwa eni ake tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Ponyamula, vulani mawotchi, mphete ndi zibangili. Zitsulo ndi zithunzi zigwireni ndi magolovesi chifukwa thukuta la m'manja limasiya zidindo zosachoka, mapepala agwireni ndi manja osamba ouma bwino. Chinthu chimodzi nthawi imodzi, manja awiri, kugwira pansi osati pa chogwirira chake kapena pakhosi, ndipo mudziwiretu komwe mukukachiika musanachinyamule. Zokutira zonse, masiponji, timatumba ta masikuluwu, zibwerere m'bokosi lake lomwelo nthawi yomweyo.

Kuimika

Tsatirani buku la malangizo tsamba ndi tsamba olo pakati panu pali mmisiri wodziwa ntchito. Chinthu chikakana kulowa musachikakamize ndi hamala, nthawi zambiri ndiye kuti mwachitembenuza, imbani foni mufunse. Musaboole, musadule, musamate kanthu pa katundu wawo. Zopachika pakhoma pakati pake pakhale pafupifupi masentimita 150 kuchoka pansi, tinjira tikhale totakasuka masentimita osachepera 90 kuti njinga ya munthu waulumali idutse, ndipo penapake pakhale malo a masentimita 150 oti atembenukirepo. Ngati pakhomo pali masitepe konzani thabwa lolimba lotsetsereka. Ikani mipando ingapo ya okalamba. Gawo la kwanu lija musalikankhire kukona yamdima kumapeto, liikeni poti munthu akangolowa alione, kapena mulilukanitse ndi chobweracho kuti mutu uliwonse waukulu ukhale ndi chitsanzo chake chapafupi.

Masabata otsegula

Olandira alendo aphunzitseni tsiku limodzi lathunthu chionetsero chisanatsegulidwe. Sakuyenera kuloweza zonse, koma adziwe nkhani zitatu kapena zinayi zomwe angazifotokoze ndi mtima wonse, adziwe kuyatsa ndi kuzimitsa zamagetsi, komanso kuletsa munthu kugwira zinthu mwaulemu osamuchititsa manyazi. Akafunsidwa zomwe sakuzidziwa alembe funsolo m'kope, osapeka yankho. Nthawi iliyonse pakhale anthu awiri, chipinda chisakhale chokha olo kwa mphindi zisanu. Pangani ndandanda ya masiku onse mpaka lomaliza, chifukwa sabata yoyamba aliyense amafuna kuthandiza koma pofika sabata yachinayi anthu atopa ndipo mpomwe mipata imayamba kuoneka.

Pa mwambo wotsegulira, omwe anabwereketsa zinthu ndi omwe anajambulidwa mawu akhale kutsogolo ndipo atchulidwe maina ngati analola. Zolankhula zikhale zazifupi. Kenako musalole kuti zonse zithere pa tsiku limenelo, sabata iliyonse pakhale kanthu kena, kaya mkulu wina kudzafotokoza nkhani, kaya mmisiri kudzaonetsa luso lake, kaya tsiku loti anthu abwere ndi zithunzi zawo mudzazisikane, kaya mpikisano wa ana wolemba ndi kujambula. Maola otsegulira agwirizane ndi moyo wa anthu, ngati ambiri amamasuka madzulo ndi kumapeto kwa sabata tsegulani nthawi imeneyo, ndipo maola omwe mwalengeza muwasunge, munthu woyenda mtunda wautali n'kupeza loko pakhomo sabweranso.

Masukulu apatseni masiku ndi maola awo, aphunzitsi abwere kaye okha adzaone kuti akakonzekeretse ana. Kalasi yaikulu igaweni m'timagulu ta ana 10 kapena 15, gulu lina lili mkati ena akuchita kanthu panja. Mwana aliyense mupatseni funso loti akafunse kunyumba, mudzaona Loweruka lake akubwera atagwira dzanja la kholo.

M'mawa uliwonse musanatsegule zungulirani ndi mndandanda, muwerenge zinthu, muone zamagetsi, mulembe kutentha ndi chinyezi. Fumbi lipukuteni ndi kansalu kofewa pamabolodi ndi pamabokosi oonetsera pokha, zinthu zakalezo musazipukute. Zophimba zambiri zooneka ngati galasi zimakhala za pulasitiki ndipo zimakalika msanga, mankhwala otsukira mawindo amaziononga, nde funsani eni ake chogwiritsa ntchito. Werenganinso alendo tsiku ndi tsiku, akuluakulu pawokha ana pawokha, ndipo pakhale buku loti alembemo maganizo awo. Manambala amenewa eni chionetsero adzawafuna, inunso mudzawafuna podzapempha thandizo lina.

Chinthu chikaonongeka

Zimachitika, mwana wagunda bolodi, sikilini yazima, denga ladontha usiku. Chotsani anthu pamalopo, jambulani musanasunthe kanthu, tolani tizidutswa tonse muike mu envelopu yolembedwa, mulembe zomwe zachitika ndi nthawi yake, kenako imbani foni tsiku lomwelo. Musamate ndi guluu, musapente, musayanike padzuwa chinthu chonyowa, ndipo musabise poganiza kuti sadzaona. Kukonza kwa munthu wosaphunzira ntchitoyo nthawi zambiri kumaononga kuposa ngozi yeniyeniyo, komanso kutha kupangitsa a inshulansi kukana kulipira. Ngati chabedwa dziwitsani apolisi ndi eni ake nthawi yomweyo.

Kupasula ndi kubweza

Patulani masiku ofanana ndi omwe munaimikira, ndipo yesetsani kuti omwe anatsegula mabokosi akhale omwewo olongedza. Lembaninso lipoti la mmene chinthu chilichonse chilili, muyerekeze ndi loyamba lija. Tsegulani zithunzi zomwe munajambula pofika muzibwezera chilichonse m'malo mwake, chomaliza kutuluka chikhale choyamba kulowa. Chotsani mabatire ngati buku likutero, werengani masikuluwu, makiyi, marimoti ndi mawaya, chifukwa tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi tomwe timasowa ndipo anzanu a malo otsatira ndi omwe adzavutike usiku woti mawa akutsegulira. Ngati pali chomwe chinakuvutani poimika lembani kakalata muike pamwamba m'bokosi loyamba, kapena muwaimbire. Dalaivala asaine kuti walandira mabokosi angati ndipo ali bwanji, kope ina itsale ndi inu.

Zinthu za anthu a kwanuko zibwezeni pasanathe masabata awiri, muzipereke nokha m'manja mwa mwini wake, asaine pafomu ija kuti walandira chili bwino, ndipo mumusiyire chithunzi cha chinthu chakecho chili pachionetsero. Wina akanena kuti musunge ndithu ndakupatsani, musangovomera chifukwa cha chisangalalo, onani kaye ngati muli ndi malo ochisungira bwino, afunsenso a pabanja pake, ndipo mphatsoyo ilembedwe papepala lina losiyana ndi la kubwereka.

Komiti ikumane komaliza zinthu zikadali m'mutu, mulembe zomwe zinayenda, zomwe zinavuta, ndalama zomwe zinalowa ndi kutuluka, n'kutumiza lipoti kwa eni chionetsero ndi onse omwe anathandiza. Zithunzi zomwe munasikana ndi mawu omwe munajambula zipatseni maina omveka okhala ndi nambala, dzina ndi chaka, muzisunge malo awiri osiyana, mwachitsanzo pakompyuta ya pamalopo ndi pa hadi dilaivi yosungidwa nyumba ina, osati mufoni ya munthu mmodzi. Mafomu a chilolezo akhale mufayilo imodzi ndi mndandanda wake. Mabolodi a gawo lanu lija musawachotse onse, sankhani khoma limodzi akhalepo, ndipo komiti isanabalalike musankhe munthu yemwe azilandira zithunzi ndi nkhani zomwe anthu azibweretsabe, chifukwa ambiri amakumbukira kuti ali ndi kanthu kunyumba chionetsero chitatsekedwa kale.